Kodi kudya masamba ambiri kungachotse kachirombo ka HPV m'thupi?

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 34, ndili ndi ana awiri, woyamba ndi mtsikana wa zaka 10. Mwezi watha ndinakayezetsa khomo la chiberekero ndipo anandiuza kuti andipeza ndi kachirombo ka HPV. Atandiwunika ndi vinega anati pakhomopo palibe vuto lililonse, ndiye anangondipatsa tsiku loti ndidzapitenso chaka chamawa. Mankhwala sanandipatse. Chichokereni kumeneko tulo sindikuliona. Mchemwali wanga wanditumizira uthenga pa WhatsApp wonena kuti munthu akamadya masamba ambiri, karoti ndi zipatso, kachiromboka kamatha. Palinso wina akugulitsa makapisozi a mavitamini amene akuti amachotsa HPV m'miyezi itatu. Kodi zimenezi n'zoona? Ndizidya chiyani? Nanga ngati chakudya chingandichiritse, n'kofunikabe kubwerera kuchipatala? China chimene chikundidya mumtima n'chakuti mwina bambo a kunyumba anandizembera. Chonde ndithandizeni."

Mayi, zikomo polemba, ndipo mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama zanu kugula makapisoziwo. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Kupezeka ndi HPV, kachirombo kopatsirana pogonana kamene mitundu yake ina imayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, sikutanthauza kuti muli ndi khansa, ndiponso sikutanthauza kuti mudzakhala nayo. Kachiromboka n'kofala kwambiri moti pafupifupi aliyense amene anagonanapo ndi munthu amakatenga nthawi ina pamoyo wake, ambiri osadziwa n'komwe. Mwa anthu 10 alionse amene akatenga, pafupifupi 9 thupi lawo limakagonjetsa lokha zaka ziwiri zisanathe.

A kuchipatala sanakunyalanyazeni pokubwezani opanda mankhwala. Mpaka pano palibe piritsi kapena jakisoni amene amapha HPV ikalowa m'thupi. Chimene timachiza ndi mavuto amene kachiromboka kayambitsa, monga njerewere za kumaliseche kapena maselo amene ayamba kusintha pa khomo la chiberekero. Inuyo anakuwunikani n'kupeza kuti khomo lili bwinobwino. Kwa ine imeneyi ndi nkhani yabwino, chifukwa mwadziwa pa nthawi imene chilichonse chimene chingadzaoneke n'chotheka kuchigwira chisanapite patali. Ndiye mtima ukhale m'malo.

Kuti yankho la chakudya limveke, tione kaye mmene kachiromboka kamachitira. Mitundu ya HPV ilipo yoposa 200, ndipo yambiri siyambitsa vuto lililonse. Ya nambala 6 ndi 11 ndi imene imabweretsa njerewere zambiri za kumaliseche, zimene zimasautsa ndi kuchititsa manyazi koma sizikhala chiyambi cha khansa ya khomo la chiberekero. Pali mitundu pafupifupi 14 imene timaiona kuti ndi yoopsa, ndipo iwiri yokha mwa imeneyi, 16 ndi 18, imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la chiberekero. Wasayansi wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndi anzake ndi amene anapeza mitundu iwiriyi m'zotupa za khansa mu 1983 ndi 1984, ndipo mu 2008 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi.

Kachiromboka kamalowera pa timing'alu tosaoneka ndi maso ta pakhungu lofewa la mkati pa nthawi yogonana, n'kukakhazikika m'maselo apansi amene amabereka maselo atsopano. Sikayenda m'magazi, n'chifukwa chake chitetezo cha m'thupi chimachedwa kukazindikira. Mitundu yoopsa ija ikakhalitsa imachulukitsa timapuloteni tiwiri totchedwa E6 ndi E7, timene timalepheretsa selo kudziletsa pochulukana komanso kufa likawonongeka. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: chimene timaopa ndi kachirombo kokakamira, kamene kakhala zaka ndi zaka osachoka. Kwa mayi amene chitetezo chake chili bwino, pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti maselo osinthawo afike pokhala khansa. Kwa amene chitetezo chake chafooka, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zikhoza kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha.

Tsono popeza wochotsa kachiromboka ndi thupi lenilenilo, zimene mchemwali wanu wakutumizirani si zongopeka kuchokera poyambira mpaka pothera. Ofufuza nawonso anadzifunsa funso lomweli, loti kodi amayi amene amadya bwino amachotsa HPV msanga kuposa anzawo?

Kafukufuku wina amene anachitikira ku Arizona m'dziko la America, n'kufalitsidwa mu 2002, anatsata amayi achichepere kwa miyezi ingapo, akuwayeza HPV mobwerezabwereza ndi kuwafunsa zimene amadya. Anapeza kuti mwa amene ankadya masamba ambiri, chiopsezo choti kachirombo koopsa kakakamire chinali chotsika pafupifupi ndi theka. Wina wa ku São Paulo m'dziko la Brazil, wofalitsidwa mu 2003, anapeza zofananako: amayi amene ankadya papaya kamodzi kapena kuposerapo pa sabata, komanso amene ankapeza vitamini C wambiri ndi michere imene imapatsa masamba ndi zipatso mtundu wachikasu, kachiromboka sikankakhalitsa mwa iwo poyerekeza ndi anzawo. Ofufuza ena anayeza magazi n'kuona kuti amayi amene anali ndi folate wokwanira, vitamini amene amapezeka kwambiri m'masamba obiriwira ndi nyemba, ankachotsa kachiromboka mosavutirapo.

Ndipo zifukwa zake n'zomveka. Khungu la pa khomo la chiberekero limadzikonzanso nthawi zonse, ndipo kuti maselo ake akule molongosoka pamafunika vitamini A, amene thupi limatha kumupanga kuchokera ku michere ya m'karoti, maungu, mango ndi masamba obiriwira kwambiri. Folate ndi vitamini B12 amagwira ntchito pamene selo likukopera malangizo ake a chibadwa pogawikana, ndipo akachepa, zolakwika pokopera zimachuluka. Vitamini C ndi E amathandiza kuchepetsa kuwonongeka kwa maselo pamalo pamene pali kutupa kwa nthawi yaitali. Koposa zonse, tikudziwa kale kuchokera ku matenda ena kuti thupi loperewera chakudya choyenera chitetezo chake chimagwa.

Koma apa mundimvetsere bwino, chifukwa ndi pamene uthenga wa pafoni uja wadumpha. Kafukufuku wa mtundu umenewu amangoona zimene anthu akuchita kale. Sagawa amayi m'magulu n'kuuza ena kuti adye masamba, ena asadye. Ndiye taganizani: mayi amene amadya masamba ndi zipatso tsiku ndi tsiku kawirikawiri amakhalanso wosasuta, wopezako bwino, wothamangira kuchipatala akangomva kanthu. Kodi chamuteteza ndi masambawo, kapena zinazi? Ofufuza amayesetsa kupatula zinthu zimenezi powerengera, koma sangazipatule zonse. Komanso kufunsa munthu zimene wakhala akudya miyezi yapitayi n'kovuta. Inu nomwe mutafunsidwa kuti mwezi watha munadya karoti kangati, mungayankhe motsimikiza? Palinso kafukufuku wina amene sanapeze kusiyana kulikonse. Bungwe la World Cancer Research Fund, limene limasonkhanitsa umboni wokhudza chakudya ndi khansa padziko lonse, mu lipoti lake la 2018 silinapeze umboni wamphamvu woti pali chakudya china chake chimene chimateteza ku khansa ya khomo la chiberekero.

M'zaka zimene ndakhala ndikuwunika amayi ndaona mbali zonse ziwiri. Ndaona amayi odya mosamala kwambiri, masamba osasowa pambale, koma mtundu wa 16 uli gwa, osasuntha. Ndaonanso ena amene chakudya chawo chinali chongoti bola m'mimba mwalowa kanthu, koma pobwera kudzayezetsanso kachiromboka kulibe. Mtundu wa kachirombo, chibadwa cha munthu, msinkhu wake ndi mphamvu ya chitetezo chake zili ndi gawo lalikulu limene supu wa masamba sangalisinthe. Maganizo anga ndi awa: kudya masamba ndi zipatso mokwanira kumaika thupi lanu pamalo abwino pomenya nkhondoyi, makamaka ngati poyamba zinkaperewera, ndipo ndimalimbikitsa mayi aliyense kutero ndi mtima wonse. Koma sindingakulonjezeni kuti zichotsa kachiromboka, ndipo aliyense wokulonjezani zimenezo akunena zoposa zimene umboni ukusonyeza. Ndikunenetsa zimenezi pa chifukwa chinanso. Mukadzapezeka nakobe chaka chamawa, musadzadziimbe mlandu kuti simunadye bwino.

Za makapisozi ndilankhula mosabisa mawu, chifukwa zimandipweteka kuona amayi amantha akudyeredwa ndalama. Ofufuza ataona zotsatira zolimbikitsa za masamba, anayesa kutenga michere ija payokha n'kuiika m'mapiritsi. M'zaka za m'ma 1990 kunachitika kafukufuku angapo wa mtundu wodalirika uja, wogawa anthu m'magulu mwa maere. Amayi amene maselo awo anali atayamba kusintha, ena anapatsidwa mapiritsi a beta-carotene (michere yachikasu ya mu karoti ija) kapena folic acid (folate wa m'mapiritsi), ena anapatsidwa mapiritsi ooneka chimodzimodzi koma opanda mankhwala. Pamapeto pake panalibe kusiyana kooneka pakati pa maguluwo. Choopsa kwambiri chinaoneka kwina. Ku Finland, kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 1994 anapeza kuti amuna osuta fodya amene ankamwa mapiritsi a beta-carotene anadwala khansa ya m'mapapo mochuluka ndi 18 pa 100 alionse kuposa amene sankamwa. Wina wa ku America anaimitsidwa nthawi yake isanakwane mu 1996 pa chifukwa chomwecho. Michere yomweyo imene ili yabwino mu karoti inasanduka yovulaza itaperekedwa yochuluka m'botolo. Tsamba limodzi lili ndi michere yambirimbiri yogwirira ntchito pamodzi pa mlingo wochepa, ndipo piritsi silingatsanzire zimenezo.

Mwina wogulitsayo wakuonetsani maumboni a anthu onena kuti anamwa, ndipo atakayezetsanso anapezeka alibe. Anthuwo mwina sakunama. Koma kumbukirani nambala ija: 9 mwa 10 amachotsa kachiromboka okha. Wogulitsa aliyense, ngakhale atagulitsa madzi enieni, adzakhala ndi makasitomala ambiri omuthokoza. Amene sitimumva ndi wa nambala 10 uja, amene anakhulupirira kuti wachira, osabwereranso kuchipatala, n'kudzafika patapita zaka akutaya magazi. Amayi otere ndakumana nawo, ndipo ndi amene amandichititsa kulemba motalika chonchi.

Dziwaninso kuti vitamini A wa m'mapiritsi akachuluka amavulaza chiwindi, ndipo kwa mayi woyembekezera akhoza kupundula mwana m'mimba. Zitsamba zina zimasokoneza mphamvu ya ma ARV ndi mapiritsi olera. Mapiritsi a mavitamini ali ndi malo ake, monga folic acid kwa amene akufuna kutenga pakati, kapena a ayironi kwa amene magazi achepa, koma amenewo akupatseni ndi a zaumoyo atakuonani.

Nanga muzidya chiyani? Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Amenewa ndi magawo 5, gawo lililonse lokwana pafupifupi dzanja limodzi lodzaza. Mbatata, mbatatesi ndi chinangwa siziwerengedwa m'gululi ngakhale zili chakudya chabwino. Njira yosavuta ndi kuyang'ana mitundu pambale yanu. Pakhale chobiriwira kwambiri, chifukwa ndi mmene muli folate. Pakhale chachikasu kapena chofiirira ngati karoti, maungu, papaya kapena mango. Tomato asasowe. Chipatso chimodzi kapena ziwiri zosaphika, monga lalanje kapena gwafa, zikupatsani vitamini C wokwanira tsiku lonse. Nyemba, nandolo ndi mtedza zili ndi folate komanso mapuloteni. Vitamini B12 yekha simungamupeze m'masamba, amachokera ku mazira, mkaka, nsomba ndi nyama, choncho musasiye zimenezi poganiza kuti masamba okha ndiye mankhwala. Simufunika zakudya zodula kapena zochokera kutali. Zimene zili pa nyengo yake kumene mukukhalako n'zokwanira, bola muzisinthasintha.

Kaphikidwe nako kali ndi gawo, ndipo ambiri amataya michere pamoto osadziwa. Vitamini C ndi folate sapirira kutentha kwa nthawi yaitali ndipo amasungunukira m'madzi. Masamba akawira mpaka kusanduka akuda, madzi ake n'kutayidwa, zambiri zapita. Tsukani masamba musanawadule, thirani madzi ochepa, vindikirani, ndipo muphule akadali obiriwira. Msuzi wake idyani. Koma michere ya mu karoti, maungu ndi tomato imachita zosiyana: thupi limaitenga bwino ikaphikidwa ndiponso pakakhala mafuta pang'ono kapena mtedza. Ndiye musavutike ndi maganizo oti zonse muzidya zosaphika. Ngati mumamwa mowa, chepetsani, chifukwa umalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito folate.

Chimene sindikufuna muchite ndi kudzizunza. Ena akamva za HPV amayamba kumwa juwisi yekhayekha kwa masabata, kapena kusala kudya ati pofuna kutsuka thupi. Zimenezo zimafooketsa chitetezo chomwe mukufuna kuchilimbitsacho. Idyani ndi banja lanu, mokhuta, chakudya chimene mungathe kupitiriza kwa zaka.

Ndipo chonde, chakudya chizilowera kukamwa kokha. Ndimakumana ndi amayi amene amaika adyo, mandimu, zitsamba kapena vinega kumaliseche pofuna kupha kachiromboka. Ena amatero chifukwa anaona kuti kuchipatala tinagwiritsa ntchito vinega. Vinega amene timapaka pa khomo la chiberekero ndi wothandiza maso athu okha, amachititsa maselo osintha kuoneka oyera kwa kanthawi kuti tiwaone. Sachiza chilichonse. Kuika zinthu mkati kumawotcha khungu lofewa, kumatsegula timing'alu tina, ndiponso kumapha tizilombo tabwino totchedwa Lactobacillus timene timasunga malowo ali owawasa ndi otetezeka. Amayi amene tizilombo tabwinoti tachepa mwa iwo amaoneka kuti HPV imawakhalitsa. Sambani kunja kokha ndi madzi oyera, mkati mumadziyeretsa mokha.

Pali zinthu zina zimene umboni wake ndi wolimba kuposa wa chakudya, ndipo ndikadakhala nanu pamodzi ndikadayamba kukufunsani zimenezi. Choyamba ndi fodya. Poizoni wa mu fodya amafika mpaka m'chikazi cha pa khomo la chiberekero ndipo amafooketsa maselo oteteza a pamalopo. Ngati mumasuta, kusiya kudzakuthandizani kuposa dengu lonse la masamba. Ngati wosuta ndi wina m'nyumba, azisutira panja. Chachiwiri ndi HIV. Simunatchule m'kalata yanu ngati munayezetsa posachedwa. Amayi amene ali ndi HIV chiopsezo chawo chodwala khansa ya khomo la chiberekero n'chokwera ka 6 kuposa amene alibe, choncho aliyense wopezeka ndi HPV ayenera kudziwa mmene magazi ake alili. Ngati muli ndi HIV, kumwa ma ARV mokhulupirika ndiye chinthu chachikulu kwambiri chimene mungachitire khomo la chiberekero chanu. Mapiritsi olera akamwedwa kwa zaka zoposa 5 amakwezako chiopsezo pang'ono, ndipo chimatsikanso munthu akasiya. Musawasiye nokha pa chifukwa chimenechi, kambiranani ndi amene amakupatsani njira yolera. Makondomu sateteza kotheratu chifukwa kachiromboka kamapezekanso pakhungu limene kondomu siliphimba, komabe amachepetsa kupatsirana ndiponso amakutetezani ku matenda ena opatsirana pogonana amene amatupitsa khomo la chiberekero.

Za bambo a kunyumba, ndikumva kulemera kwa funso lanu, ndipo simuli nokha, amayi ambiri amalifunsa misozi ili m'maso. Sindingakuuzeni zimene zimachitika m'banja mwanu. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti zotsatira za HPV sizingakhale umboni wa chigololo. Kachiromboka kakhoza kukhala chete m'maselo kwa zaka zambiri pa mlingo wochepa moti makina sakaona, n'kudzaonekeranso chitetezo chikatsika. Mwina munakatenga musanakwatiwe, mwina anabwera nako ndi bambowo kuchokera kumbuyoko iwo osadziwa, chifukwa amuna ambiri saona chizindikiro chilichonse ndipo palibe njira yokhazikika yoyezera amuna. Palibe dokotala amene angakuuzeni tsiku kapena munthu amene anakupatsirani. Ngati pali zina zimene zikukukayikitsani, zimenezo kambiranani pazokha. Ine ndingakonde muwauze za zotsatirazi modekha, ndipo ngati n'kotheka mukayezetse HIV limodzi. Amuna nawonso HPV imawadwalitsa khansa ya pammero, ya kotulukira chimbudzi ndi ya chida cha abambo, ngakhale sizichitika kawirikawiri, choncho akaona chilonda kapena chotupa chosapola asachedwe.

Mwana wanu wamkazi ali pa msinkhu woyenera katemera wa HPV, amene amaperekedwa makamaka kwa atsikana a zaka 9 mpaka 14, asanayambe zogonana. Katemerayu anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2006, ndipo zipatso zake zaoneka. Ku Sweden, kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 amene anatsata atsikana ndi amayi pafupifupi 1.7 miliyoni anapeza kuti mwa amene analandira katemera asanakwanitse zaka 17, khansa ya khomo la chiberekero inachepa ndi 88 pa 100 alionse. Palibe chakudya chimene chinaonetsapo mphamvu yoyandikira pamenepo. Kuyambira mu 2022, WHO inavomereza kuti kubaya kamodzi kapena kawiri n'kokwanira kwa atsikana a msinkhu umenewu, kupatula amene chitetezo chawo n'chofooka, amene amafunika kubayidwa kawiri kapena katatu. Funsani kuchipatala chapafupi mmene amaperekera kwanuko. Kwa inuyo, katemera sachotsa kachirombo kamene kalowa kale. Mchemwali wanunso mufunseni ngati iye anayezetsapo, chifukwa mayi aliyense kuyambira zaka 30, kapena 25 kwa amene ali ndi HIV, ayenera kuyezetsa ngakhale sakumva kupweteka paliponse.

Tsopano funso lanu lalikulu, loti n'kofunikabe kubwerera kuchipatala. Inde, n'kofunika, ngakhale mutadya bwino chotani, ngakhale mutamva thupi lili pepu. Maselo akamasintha pa khomo la chiberekero sapweteka, satulutsa magazi, sapereka chizindikiro chilichonse. Simungadziwe ndi mmene mukumvera m'thupi kuti kachiromboka kachoka kapena kadakalipo. Ndikudziwa kuti chaka n'chachitali kwa munthu amene ali ndi nkhawa, ndipo mwina mukulakalaka mutakayezetsanso mwezi wamawa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyezetsa msanga kungangokuonetsani kachirombo komweko thupi lisanamalize ntchito yake, n'kukuwonjezerani mantha pachabe. Malangizo a WHO amati mayi amene ali ndi HPV koma khomo lake lili bwino ayezedwenso pakatha zaka ziwiri, kapena chaka chimodzi ngati ali ndi HIV, ndipo zipatala zambiri zimasankha chaka chimodzi kwa onse. Tsiku limene anakupatsani lilembeni pamalo pamene simungaiwale. Mukapita, funsani ngati makina awo anasonyeza mtundu wa kachirombo, chifukwa 16 ndi 18 timaitsata mwatcheru kwambiri.

Pa tsikulo zikhoza kutuluka zinthu zitatu. Mwina kachiromboka kadzakhala katachoka, ndipo ndi zimene zimachitikira ambiri. Mukatero mudzabwerera pa ndondomeko ya masiku onse yoyezetsa pakapita zaka zingapo. Mwina kadzakhala kadakalipo koma khomo lili bwino, ndipo adzakuwunikani mozama n'kukutsatirani pafupipafupi. Kapena adzaona malo amene maselo ayamba kusintha. Zikadzatero musadzagwe mphwayi, imeneyo sikhala khansa, ndipo chithandizo chake n'chachidule. Amatha kuwotcha malowo ndi kachipangizo kotentha, kuwaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, kapena kuwachotsa ndi kawaya kamagetsi ngati ali aakulu. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa, munthu amabwerera kunyumba tsiku lomwelo, chiberekero chimatsala, ndipo ambiri amaberekanso bwinobwino. Ngati mutatenga pakati chakachi chisanathe, HPV sikulepheretsani, ingowauzani a kusikelo.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo tsiku lija. Mukaona magazi mukatha kugonana, magazi pakati pa masiku anu osamba, kapena kusamba kwanu kukasintha n'kukhala kochuluka ndi kotalika mosazolowereka, pitani sabata yomweyo. Chimodzimodzi chikazi chamadzimadzi, chonunkha kapena chosakanikirana ndi magazi chimene sichikutha ngakhale mwalandira mankhwala, kupweteka pogonana, kupweteka kwa m'chinena kapena msana kosalekeza, kutupa mwendo umodzi, ndi kuwonda kosadziwika chifukwa chake. Kwa amayi amene anasiya kusamba, magazi alionse, ngakhale kadontho, ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala. Nthawi zambiri zizindikirozi zimakhala ndi zifukwa zina zosaopsa, koma wozindikira ndi amene wayang'ana khomolo ndi maso. Mukapita, tengani pepala la zotsatira zanu, muwauze mwezi umene munapezeka ndi HPV, ndipo mupemphe kuti akuwunikeni khomo la chiberekero, asangokulemberani mankhwala a matenda opatsirana n'kukubwezani. Ngati nkhawa ikupitirira kukulandani tulo ndi chilakolako cha chakudya kwa masabata angapo, nazonso mukazinene, chifukwa alangizi alipo othandiza pa zimenezo.